Kanyumba ka dothi ka ku Alloway ndi mabwinja a alembi athu

Mwezi wathawu ndinabwerako ku Scotland kumene ndinapita kukaona mwana wanga wamkazi amene akuphunzira mumzinda wa Glasgow, ndipo chibwerereni anzanga a kuno ku Area 25 akhala akundifunsa za kuzizira, za sitima ndi za mitengo ya zinthu m'masitolo. Mafunso amenewo ndawayankha mpaka kukhosi kuuma. Chimene palibe wandifunsa, komanso chimene chandisowetsa tulo kuposa zonse, ndi kanyumba kena kofolera ndi udzu kamene ndinakaona m'mudzi wa Alloway, pafupi ndi tauni ya Ayr, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pasitima kuchokera ku Glasgow. M'kanyumba kameneka ndi mmene anabadwira Robert Burns, mlakatuli amene anthu a dziko limenelo amamulemekeza koposa alembi awo onse, pa 25 Januwale 1759.

Ndinapitako monyinyirika, chifukwa m'maganizo mwanga ndinkayembekezera chinyumba chachikulu cha miyala chonga zimene ndinali nditatopa nazo kale ku Glasgow. Nditafika ndinaima pamsewu kwa kanthawi osalankhula, mpaka mwana wanga anandifunsa kuti, "Ababa, mwatopa kodi?" Sindinatope ayi. Ndinali kuyang'ana nyumba ya agogo anga a ku Mitundu itaima m'dziko la azungu: yaitali koma yofupika denga, makoma ake a dothi opakidwa njereza, timawindo tating'onoting'ono, udzu utakhuthala pamwamba. Amene anaimanga ndi bambo ake a mlakatuliyo, William Burnes, munthu wogwira ntchito ya m'minda ya maluwa ndi masamba, ndipo anaiumba ndi manja ake m'chaka cha 1757 pokonzekera kukwatira Agnes Broun. Pansi pa denga limodzi lomwelo pali khitchini, chipinda chochezera, khola la ng'ombe ndi mosungira zokolola, kotero kuti mwana wogona usiku ankamva mpweya wa ng'ombe kuseri kwa khoma. Bedi limene anabadwirapo lili m'khitchini momwemo, lolowa m'khoma ngati kabati, pafupi ndi moto. Mbiri ya banjalo imanenanso kuti patangopita masiku ochepa mwanayo atabadwa, mphepo yamkuntho inagumula mbali ina ya khoma, ndipo mayi ndi khanda lake anakawasunga kwa anansi. Aliyense amene anakulira m'nyumba ya mdindo akudziwa mmene zimakhalira mvula ya Januwale ikalimbana ndi chipupa.

Pafupi pomwepo pali nyumba ina yamakono yosungiramo zinthu zakale, yokhala ndi makalata ndi ndakatulo zimene Burns analemba pamanja, ndipo ndi yokongola ndithu, koma sindikhalitsapo chifukwa nyumba zotero zimafuna ndalama zimene ife tilibe. Kanyumba kadothi kaja ndiko kanandiphunzitsa kanthu. M'menemo munkakhala mayi wina wachikulire, wachibale wa mayi ake a Burns, dzina lake Betty Davidson, amene ankasimbira anawo nthano za mizukwa, afiti ndi ziwanda madzulo pamoto, ndipo mlakatuliyo atakula anavomereza yekha m'kalata kuti nthano zimenezo ndizo zinadzala mbewu ya ulakatuli mwa iye. Ali mwana anaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wachinyamata, John Murdoch, amene bambo ake pamodzi ndi anansi angapo anasonkherana kuti azimulipira. Ndakatulo zake zotchuka kwambiri anazilemba m'chiyankhulo cha anthu wamba a ku Scotland, chimene ophunzira ambiri a nthawi imeneyo ankachiona ngati cha kumudzi poyerekeza ndi Chingerezi. Ine amene ndaphunzitsa Chichewa ku sekondale zaka zoposa makumi atatu, ndikumvera ana akunena kuti phunziro langa silipezetsa ntchito, nkhani imeneyi inandilasa pamtima.

Nditabwera ndinafotokozera mnzanga wina amene tinaphunzitsa limodzi, ndipo ndinamufunsa chifukwa chake ife sitisunga nyumba zimene anabadwiramo alembi athu. Anaseka n'kundiyankha kuti, "Aphunzitsi, azungu amamanga ndi miyala. Zathuzi ndi za dothi ndi udzu, chiswe chikalowa ndi mvula ziwiri zatha." Yankho limeneli ndalimva kwa anthu ambiri, ndipo inenso ndinkalikhulupirira ndisanapite ku Alloway. Tsopano ndikulikana. Nyumba ya Burns ndi yadothi, ndipo ili m'dziko limene mvula imagwa miyezi yonse ya chaka. Yakhala zaka zoposa 260 chifukwa chakuti mbadwo uliwonse panapezeka wina wofolera udzu ukawola ndi womata khoma likang'ambika. Agogo athu ankadziwa bwino lomwe kuti nyumba ya udzu imafa tsiku limene mwini wake wasiya kumweta udzu m'chilimwe, ndipo luso la kufolera, kumata ndi kuzira likadalipo m'mudzi uliwonse wozungulira Lilongwe.

Tisaganizenso kuti anthu a ku Scotland anaisamala nyumbayo mwaulemu kuyambira pachiyambi. Banja la Burns linasamukamo mu 1766 mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mu 1781 bambo ake anaigulitsa kwa bungwe la osoka nsapato a ku Ayr, amene anaibwereketsa kwa ogulitsa mowa. Kwa zaka pafupifupi zana limodzi, malo amene anabadwira mlakatuli wamkulu wa dzikolo anali omwerako mowa. Mlakatuli wa ku England John Keats anafikako mu 1818 ndipo anakhumudwa ndi bambo woledzera amene anamupeza akulandira alendo. Mu 1881 ndi pamene anthu oyang'anira chipilala cha Burns anaigula n'kuchotsamo mowawo, ndipo lero ili m'manja mwa bungwe la National Trust for Scotland. Ndikanena zoona, ogulitsa mowa aja ndimawayamikira pang'ono, chifukwa pofuna kuti makasitomala asavumbwe ankafolera denga, ndipo mwa njira imeneyo nyumbayo inadikira mpaka anthu anzeru atadzuka. Ngakhale mwambo wokumbukira Burns ndi chakudya chamadzulo, umene lero umachitika pa 25 Januwale m'mayiko ambiri, unayamba mu 1801 ndi anzake asanu ndi anayi okha amene anasonkhana m'kanyumba komweko patapita zaka zisanu iye atamwalira. Panalibe nduna kapena thumba la boma pa tsiku limenelo.

Chovuta chathu chenicheni, mmene ine ndikuonera, chili m'miyambo ndi m'kaganizidwe kathu. M'madera ambiri a Achewa, mwini nyumba akamwalira nyumba yake inkagwetsedwa maliro akatha, ndipo mudzi wonse unkatha kusamuka nthaka ikaguga kapena imfa zikachuluka, n'kusiya bwinja. Makolo athu chikumbutso cha munthu ankachiika m'dzina limene ankapatsa mdzukulu, m'nyimbo ndi kumanda, osati m'makoma. Mwambo umenewu sindikuunyoza, unali ndi nzeru zake. Komabe anthu omwewo ankadziwa bwino lomwe pamene panakwiriridwa mchombo wa munthu aliyense, ndipo mpaka lero nkhalamba ikhoza kukulozerani mtengo wa mango n'kunena kuti apa ndi pamene panali nyumba ya auje, chikuta chake anatulukira pomwepa. Chidziwitso chimenecho chili m'mitu ya anthu amene akutha chaka ndi chaka. Ndiye ngakhale nyumbayo inagwa kalekale, malowo alipo, ndipo kumanganso nyumba ya mdindo ya zipinda ziwiri pa bwinja lenilenilo, motsogozedwa ndi amene anaiona ikadaima, ndi ntchito imene anyamata a m'mudzi angaimalize chilimwe chimodzi.

Tili nawo anthu oyenera ulemu wotere. Samuel Josia Ntara, amene anabadwa mu 1905 ndipo anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba buku la Nthondo limene linapambana mphoto pa mpikisano wa mabuku a m'ziyankhulo za mu Africa ndipo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi, womasulira wake ali Thomas Cullen Young, mmishonale wa ku Scotland komweko amene anagwira ntchito ku Livingstonia. Ntara yemweyo ndiye anayenda m'midzi kufunsa akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa. Nkhoma ali pamtunda wa makilomita pafupifupi makumi asanu kuchokera mumzinda uno, ndipo ndikuulula mwamanyazi kuti pa zaka zonse za uphunzitsi wanga ndinatengerapo ana ku Salima kukaona nyanja kangapo konse, koma sindinawatengerepo kumeneko kuti akaone kumene munthu ameneyu ankaphunzitsa ndi kulemba. Tili ndi John Gwengwe, E.J. Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani, amene mabuku awo anatilera m'kalasi. Tili ndi Legson Kayira wa ku Chitipa, amene ananyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna maphunziro mpaka kukafika ku Khartoum, ndi Jack Mapanje wa m'mudzi wa Kadango ku Mangochi, amene anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mwa inu amene mukuwerenga, ndi angati amene mwana wanu atakufunsani mungamutengere pakhomo pamene mmodzi wa anthu amenewa anakulira?

Ena anena kuti tili kale ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, ku Karonga, ku Mua ndi ku Livingstonia, ndiponso kuti kuno ku Lilongwe tili ndi manda a Kamuzu pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Zonsezo ndi zabwino ndipo ndinafikako. Koma mwana wa ku Mitundu akaima pa chipilala chachikulu cha miyala yosalala amaphunzira kuti anthu otchuka ndi a mtundu wina, otalikirana naye. Akalowa m'nyumba ya zidina yofanana ndi ya kwawo, n'kuona mphasa, mafuwa ndi koloboyi, kenaka n'kuuzidwa kuti buku limene akulemba nalo mayeso linachokera mwa mwana amene ankagona pamenepa, amatuluka ali ndi maganizo ena. Ku Alloway ndinaona ana a sukulu atadzaza khitchini ija, akukankhana kuti asuzumire m'bedi, ndipo mmodzi anatseka mphuno pongomva kuti ng'ombe zinkagona m'nyumba momwemo.

Pali chinthu china chimene ndinachilemekeza kumeneko, chimene ife chingativute. Anthu a ku Scotland sabisa zofooka za mlakatuli wawo. Amanena poyera kuti anabereka ana ndi akazi angapo kunja kwa banja, ndiponso kuti mu 1786, umphawi utamufika pakhosi, anavomera ntchito yolemba za chuma pa munda wa nzimbe wa ku Jamaica umene unkalimidwa ndi akapolo. Chimene chinamuletsa kukwera chombo ndi chakuti buku lake loyamba la ndakatulo, losindikizidwa ku Kilmarnock chaka chomwecho makope 612, linagulidwa mwamsanga. Ine monga munthu wakuda nkhani imeneyi inandiwawa, ndipo ndakatulo zake zonena za ufulu wa munthu wosauka ndimaziwerenga ndi diso lina tsopano. Komabe ndinatuluka ndikumukhulupirira kwambiri wotifotokozerayo chifukwa sanandibisire. Ife timakonda kunena kuti wakufa sadzudzulidwa, ndipo ndikuopa kuti tikadzamanga tinyumba totere tidzangodzazamo mawu a pamaliro, oti malemuwa anali munthu wabwino wokonda aliyense. Mwana wanzeru sakhutira ndi zotero, amafuna kudziwa ngongole zimene mlembiyo anali nazo, amene anakangana naye ndi chimene chinamulowetsa m'mavuto.

Ndikudziwa kuti nkhani ya malo ndi yovuta. Kwa ife a chikamwini mwana amabadwira kwawo kwa mayi ake, kotero bwinja limene tikulifunalo lili m'manja mwa mbumba, ndipo palibe angakhome chikhomo pamenepo osadzera kwa mwinimbumba ndi kwa nyakwawa. Achibale ena adzaganiza kuti mwabwera ndalama za azungu ndipo mikangano idzabuka ndalamazo zisanaoneke n'komwe. N'chifukwa chake sindikufuna kuti ntchitoyi iyambe ndi misonkhano ya m'mahotela ndi maalawansi. Iyambe ndi banja lenilenilo, mfumu, mpingo ndi sukulu yapafupi, ndipo kandalama kochepa kamene alendo angapereke pakhomo kazipita kwa wosesa, wofotokozera ndi omweta udzu. Akuluakulu a boma oona za zinthu zakale adzabwere pambuyo kudzathandiza kulemba mbiri molondola ndi kuteteza malowo mwalamulo.

Ine ndaganiza zoyambira pamene mwendo wanga ungafike. Loweruka likudzali ndikwera minibasi ya ku Nkhoma ndi mnzanga uja wonena za chiswe, amene wavomera kundiperekeza ngakhale akuti akupita kukandiseka. Ndatenga kope latsopano ndi foni yojambulira mawu, ndipo tikayamba ndi kufunsa abusa opuma ndi aphunzitsi akale amene anamuona Ntara ndi maso awo, popeza anamwalira mu 1976 ndipo amene anali achinyamata nthawi imeneyo ena akadali moyo. Ngati pakati panu pali mdzukulu wake, kapena wina amene agogo ake anaphunzitsidwa naye, chonde ndilembereni kumbali lisanafike Lachisanu kuti tidziwe khomo loyamba kugogoda.