Foni ndi mliri wa COVID-19: Joni, Malawi, Mozambique ndi anansi ena anachita zotani?

Mu September 2020, ndili ku Johannesburg, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anapempha pa wailesi ya kanema kuti aliyense aike pafoni yake app yotchedwa COVID Alert SA. Ndinaiika usiku womwewo. Inali yanzeru ndithu. Mafoni awiri akayandikana ankapatsana timanambala tachinsinsi kudzera pa Bluetooth, ndipo mwini foni wina akapezeka ndi kachilombo n'kuuza app ija, onse amene anakhala naye pafupi masiku apitawo ankalandira chenjezo, osatchulidwa dzina la wodwalayo kapena malo amene anakumana.

Koma kuti ikuthandize, pankafunika kuti amene wakhala nawe mu minibasi akhalenso nayo. Anzanga ambiri ochokera kumudzi, ogwira ntchito m'minda yamaluwa ndi m'nyumba za anthu, analibe. Ena foni zawo zinali zakale, ena ankaopa kuti boma lidziwa kumene amagona, ndipo kwa munthu amene mapepala ake sali bwino, mantha amenewa si achibwana. Chimene ndinaona anthu akugwiritsadi ntchito ndi nambala ya WhatsApp ya Unduna wa Zaumoyo, 0600 123456, poti WhatsApp anali nayo kale. Njira imeneyi, yomwe anakonza a bungwe la Praekelt la ku South Africa komweko, a WHO anaitengera m'mwezi wa March 2020.

Kwathu ku Malawi, kumene odwala oyamba analengezedwa pa 2 April 2020, nkhani inali ina. Amayi anga ali ndi kafoni ka mabatani kamene amakatchajitsa kumsika, ndipo app ya Bluetooth sikanawathandiza kanthu. Chimene anali nacho ndi 54747, Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach n'kudzafalikira dziko lonse. Umaimba ulere, n'kulankhula ndi munthu wodziwa zaumoyo m'chilankhulo chako. Kumbali ya ziwerengero, unduna unkagwiritsa ntchito One Health Surveillance Platform, yomangidwa pa DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosonkhanitsira ziwerengero za umoyo, ndipo olowetsamo uthenga anali ogwira ntchito zachipatala, osati wodwala mwini. Ine ndimaona kuti apa tinaganiza bwino: foni yamakono ikhale m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse m'mudzi. Kufooka kwake n'kodziwika kwa aliyense amene anakhalapo kumudzi. Netiweki ikasowa kapena bandulo ikatha, uthenga umayamba wagona papepala masiku angapo.

Anzathu a ku Mozambique ndinawasirira chifukwa cha PENSA, njira yawo yopezera uthenga wa zaumoyo pafoni. Ungodina *660#, monga umachitira pogula bandulo, n'kusankha zimene ukufuna kudziwa, pafoni iliyonse komanso popanda intaneti. Komabe imafuna munthu wodziwa kuwerenga, pamene gogo wa ku Angónia kapena ku Dedza chimene amafuna ndi mawu a munthu m'khutu. Ku Zambia anali ndi nambala yaulere ya 909, ndipo bungwe la Zambia National Public Health Institute linkatulutsa ziwerengero tsiku ndi tsiku. Tanzania ndiye inaleka kulengeza chiwerengero cha odwala chitafika pa 509, mu nthawi ya Pulezidenti John Magufuli, ndipo anthu a ku Karonga ndi Chitipa anakhala miyezi yambiri osadziwa kuti kutsidya kwa Songwe zinthu zili bwanji. Kumeneko mafoni analipo ambiri, chinasowa ndi kufuna kwa boma.

Pali chinthu chimodzi chimene South Africa inatiposa tonse, ndipo sindifuna kuchibisa. Boma litadzipatsa mphamvu zofunsa makampani a mafoni za kumene anthu anayenda, mu April 2020 linasankha Kate O'Regan, woweruza wopuma wa khoti lalikulu la malamulo a dziko, kuti aziyang'anira mmene uthengawo ukusungidwira. Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wa anthu mu 2021, pamene lathu linabwera mu 2024, mliri utadutsa kale. Maina, manambala ndi zotsatira za kuyezetsa zimene tinapereka m'zipata ndi m'zipatala m'zaka zimenezo zinalibe mlonda wotero, ndipo zimandidetsa nkhawa mpaka pano.

Chimene chinandiwawa koposa ndi cha m'malire. Kumapeto kwa May 2020, mabasi anabweretsa abale athu ochokera ku Joni, atadutsa Zimbabwe ndi Tete n'kulowa pa chipata cha Mwanza. Anawasunga pa bwalo la masewero la Kamuzu ku Blantyre podikira zotsatira za kuyezetsa, ndipo oposa 400 anathawapo, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Ambiri mwa iwo anali ndi foni m'thumba, koma mayiko anayi amene anadutsamo aliyense ankasunga uthenga wake payekha. Munthu wotsika basi ali ndi nambala ya ku Joni, mawa lake wagula simu ya Airtel kapena TNM, wapita kwawo ku Mangochi, ndipo mlangizi wa m'mudzi mwake akumva za kubwera kwake kuchokera kwa anthu apachitsime.