Phiri ndi la tonse, koma chithunzi chija ndi changa

Ndakwiya, ndipo lero sindibisa mawu.

Lachiwiri madzulo ndili pa Chitakale kudikira kabaza wopita ku Likhubula, msuweni wanga wa ku Blantyre ananditumizira uthenga pa WhatsApp. "Achimwene, chithunzi ichi si chanu chija cha pa Sapitwa?" Nditatsegula ndinangoti kakasi. Chinalidi changa. Mitambo ili pansi ngati thonje loyanika, dzuwa likungosuzumira, mwala wong'ambika uja uli kumanzere. Koma pakona pamene ndinalemba dzina langa anadulapo, m'malo mwake n'kumatapo chizindikiro cha loji ina yake, manambala a foni ndi mitengo ya zipinda. Akuitanira nacho alendo. Akudyera thukuta langa, osandifunsa ngakhale liwu limodzi.

Ndinawalembera mwaulemu wonse. Ndinati bwana, chithunzi mwagwiritsa ntchitocho ndinajambula ndine, tiyeni tikambirane kapena muchichotse. Yankho lawo ndi limene landilembetsa zonsezi. Akuti phiri la Mulanje ndi la Mulungu, si langa. Akuti ndinachiika ndekha pa Facebook, ndiye ndi cha aliyense. Kenako n'kuwonjezera kuti ndizithokoza chifukwa akunditchukitsa. Kunditchukitsa bwanji, dzina langa mutalidula?

Bwana, inde, phiri ndi la Mulungu. Ndani wakana? Ine sindinaumbe Sapitwa, sindinaumbe Chambe, sindinakumbe Dziwe la Nkhalamba. Aliyense ali ndi ufulu wotenga foni yake, kukwera, n'kujambula zithunzi zodzaza thumba. Palibe angamuletse, ine ndingamuperekeze kumene chifukwa ndiyo ntchito yanga. Koma chithunzi chija si phiri. Chithunzi chija ndi ntchito ya manja anga. Nyanja ya Malawi nayonso ndi ya Mulungu, koma pitani ku Mangochi mukatape chambo m'bwato la msodzi n'kumuuza kuti nyanja si yake, muone ngati mubwerako ndi mano onse. Dongo la kudambo ndi la aliyense, koma mphika ndi wa amene waumba.

Mukudziwa kuti chithunzi chimenecho ndinachipeza bwanji? Sapitwa ndi mamita 3,002, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno. Sufikako ndi galimoto. Unyamuke ku Likhubula m'mawa, ukwere tsiku lonse, ukagone pa Chisepo. Kawiri konse ndinafika pamwamba n'kupeza chiperoni chatseka, osaona ngakhale dzanja langa lomwe, ndinatsika chimanjamanja. Ulendo wachitatu, mwezi wa Juni, ndinadzuka pakati pa usiku, tochi pamphumi, kukwawa pa miyala yoterera ndi kudzipanikiza m'mipata ya matanthwe mpaka mawondo kusupuka. Kuzizira kwake kwa kumeneko batire ya kamera imatha msanga, ndiye ndinaiika m'khwapa njira yonse kuti ifunde. Zala zinachita dzanzi moti podina batani sindinkamva kuti ndadina. Kuwala kumene mukukuona pachithunzipo sikunakhalitse, posakhalitsa mitambo inakwera n'kuphimba zonse. Kamerayo ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi ndalama zimene ndinasunga zaka ziwiri ndikunyamula zikwama za alendo pamsana. Ndiye wina ali khale pampando wa ndalema mu ofesi, wangodina kawiri pa kompyuta, basi chakhala chake? Kumeneko ndiye kukolola posalima.

Ndipo musaganize kuti ndikungolira popanda pogwira. Malawi ali ndi lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso, la chaka cha 2016, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 1989. Ambiri akamva za COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, amangoganiza za oimba ndi nyimbo za pa wailesi, koma lamulolo limateteza zithunzinso, monga limatetezera mabuku ndi zojambula pamanja. Sufunika kukalembetsa kaye kwinakwake kuti chithunzi chikhale chako. Ukangojambula, ndi chako. Dziko lathu linasainanso pangano la Berne, la maiko ambiri loteteza ntchito zaluso, ndiye chitetezo chimenechi sichithera pa Muloza kapena pa Mwanza ayi, chimawoloka malire.

Za Facebook zija nazonso ndi bodza. Munthu ukaika chithunzi pa Facebook umawalola a Facebook kuchionetsa kwa anthu, koma umwini sutaya. Mukachikonda, pali batani losheyara, chimapita kwa anzanu dzina langa lili pomwepo, ndipo ine ndimasangalala nazo zimenezo. Sheyarani mpaka chikafike ku Johannesburg, dziko lione kwathu. Koma kuchikopera mu foni yanu, kudula dzina la mwini, kumata lanu, n'kumagulitsira malonda, kumeneko ndi kuba. Palibe dzina lina. Chimanga choyanika pabwalo sichisanduka cha aliyense wodutsa chifukwa choti chili poonekera.

Anzathu kunja nkhani imeneyi saichita masewera. Ku Paris kuli nsanja ija ya Eiffel, yomangidwa mu 1889. Masana jambula mmene ungafunire, anaimangawo anamwalira kalekale ndipo umwini wawo unatha. Koma magetsi amene amaiwalitsa usiku, omwe anaikidwa mu 1985, amatengedwa ngati ntchito yaluso payokha, moti wofuna kuchita malonda ndi chithunzi chausiku amayenera kupempha kaye chilolezo kwa oyang'anira nsanjayo. Magetsi chabe! Ife kuno phiri lathu palibe munthu analipanga, ndiye kulijambula n'kwaulere, usana ndi usiku womwe. Chokhacho chili ndi mwini ndi chithunzi, ndipo chokhachonso n'chimene tikulephera kulemekeza.

Mwina n'kusadziwa, mwina tinazolowera kukoperana nyimbo m'mamemore kadi mpaka tinaiwala kuti zinthu zili ndi eni. Kaya. Koma munthu wosadziwa sadula dzina. Amene watenga nthawi kudula pakona paja bwinobwino kuti pasaoneke chilembo ngakhale chimodzi akudziwa chimene akuchita.

Chondiwawa kwambiri n'choti akanangopempha. Kupempha si kuba. Aphunzitsi a pa sukulu ina ya pulaimale kuno anandipempha zithunzi zoti ana aone pamwamba pa phiri limene amaliona tsiku ndi tsiku koma sanakwerepo, ndinawapatsa ulere, ndipo ndinasindikiza ndi ndalama zanga. Achinyamata a kumpingo kwathu anapempha cha pa kalendala, ndinapereka. Sindine woumira. Koma loji imene mlendo amalipira usiku umodzi ndalama zoposa zimene ine ndimapeza sabata yathunthu, ikulephera kundiimbira foni? Ikulephera ngakhale kusiya dzina langa pakona?

Ndipo inu anzanga amene mwandilembera kuti ndizisiye, ndi chithunzi chabe, ndisadane ndi anthu a ndalama, ndakumvani koma sindikuvomera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero ndi chithunzi changa, mawa ndi nyimbo ya mwana wanu, mkuja ndi ndakatulo yanu ikuwerengedwa pa ukwati wa eni, wina n'kumaombedwera m'manja. Chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Tonse tinanyadira. Alendo azibwera, malonda a zithunzi za phiri lino akula, ndipo ngati tikhala chete, anyamata a ku Likhubula ndi ku Fort Lister amene amathyoka misana kumeneku adzangokhala oonerera pamene ena akulemera ndi ntchito yawo. Ine ndasunga chithunzi choyambirira chochokera mu kamera, chili ndi tsiku ndi ola limene ndinajambula. Ndasunganso mayankho awo onse. Ndawapatsa mpaka Lachisanu, akapanda kuchotsa kapena kulipira ndikukwera basi kupita nayo nkhaniyi ku COSOMA. Dzina lawo sinditchula pano, akudzidziwa okha.

Poti ndayamba kale, ndinenenso za ena aja oimika galimoto m'mbali mwa msewu wa ku Thyolo, kutsitsa galasi, n'kuyamba kujambula amayi othyola tiyi ngati akujambula mbalame. Moni osapereka. Mayi anga aang'ono athyola tiyi zaka zambiri, dengu kumsana, mvula ikuwathera pathupi, zala zakuda bii ndi utomoni wa masamba. Tsiku lina anangoona nkhope yawo pa kapepala koitanira alendo, akumwetulira, pansi pake atalemba Chingerezi chimene iwo sangathe kuwerenga. Palibe anawafunsa. Palibe anawapatsa ngakhale ya sopo. Ananditumizira kapepalako ndi mwana wa sukulu kuti ndiwawerengere zimene alembazo.