Chipinda chimodzi si shopu ya mipando

Ndakwiya, ndipo lero ndilankhula. Loweruka ndinakathandiza msuweni wanga kusamukira m'kachipinda kamodzi ku Area 25, ka mamita 3 uku, 3 uku. Munthu watulukira ndi sofa ya anthu atatu, ina ya awiri, ina ya mmodzi, kabati yagalasi, bedi pamwamba pake. Sofa yaikuluyo inakanirira pakhomo mpaka tinachita kuzula chitseko. Zonse zitalowa, mwiniwake anasowa poponda. Kuti atsegule windo, mpaka akwere kaye pabedi. Ndikufunsa kuti asuweni, zonsezi n'zachiyani? Akuti alendo akabwera asamaone ngati ndikuvutika.

Alendo ake ati? Okhala pasofa maondo atagunda matiresi?

Abale anga a mu Lilongwe muno, chipinda chimodzi ndi chimodzi basi. Sichifutukuka chifukwa choti mwagula katundu wodula. Matiresi okha mulitali ndi pafupifupi mamita 2, ndiye sofa yanuyo mukuti ikhale pati? Yezani kaye chipinda, ngakhale ndi chingwe. Koma ayi, timangofika ku Mchesi, taona mpando ukunyezimira padzuwa, pabwalo paja ukuoneka waung'onong'ono, talipira, takweza pagalimoto. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Inde, lendi yakwera, ndipo ambirife tinakulira m'nyumba zomwe ulemu wake unali kabati yodzaza mbale zosadyera. Koma zimenezo sizisuntha khoma.

Malo m'kachipinda kotere ali kukhoma ndi kunsi kwa bedi. Pakatipo ndi poyenda inu, pasiyeni. Muuzeni kalipentala atalikitse miyendo ya bedi kuti masutikesi, nsapato ndi mabulangete a mu Juni zilowe kunsi. Mashelefu awiri m'mwamba akwanira mapoto, mbale ndi ndowa ya ufa. Mangani waya kuchoka khoma ili kufika ilo, pachikanipo chitenje chimodzi chokongola chitchinge bedi, basi mwapeza kuchipinda ndi pabalaza. Timipando tiwiri tansungwi topepuka, kapena mkeka woti alendo akapita mwaupinda n'kuuimika pakona. Zatha. Zigubu za madzi ndiye muzipezeretu malo musanaganize za katebulo ka maluwa apulasitiki, pajatu mumzinda uno palibe amagona osasunga madzi. Mbaula panja, chonde. Makala m'chipinda chotseka amapha munthu ali m'tulo, ndipo sofa siidzakudzutsani.

Nanga zovala zija munatola pa kaunjika kwa Tsoka, zomwe chigulireni simunavalepo? Gawirani abale kumudzi. Zikungodya malo omwe mukulipira mwezi ndi mwezi. Tangoganizani, mukukhetsa thukuta kulipirira lendi mipando, inuyo mwini nyumba n'kumayenda chammbali, kuvala buluku mutakhala pabedi chifukwa poimirira palibe. Ndani mwini chipinda pamenepo, inu kapena kabati? Kusesa kwake ndiye musanene. Kuseri kwa katundu wothithikana tsache silifika, mphemvu zimangoberekana mwamtendere. Ikafika Okutobala, kutentha kuja, mphepo ilowera pati windo mwalitseka ndi wadirobu?

Nanunso eni nyumba, musaseke, ndikubwera kwa inu. Mumamanga kachipinda kawindo ngati ka khola la nkhunda, soketi imodzi yokha, nayonso kuseri kwa chitseko. Kenako lamulo: pakhoma langa pasakhomedwe msomali. Ndiye munthu apachike pati katani? Shelefu aimangirire kumwamba? Pulasitala wakeyo mchenga wokhawokha, kungokhudza ndi chala akuyoyoka, simenti munachita kununkhiza. Koma pa ndalama ndiye muli maso gwa, lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, munthu asanaone n'komwe ngati denga likudontha.