Khalidwe silidikira kulemera

Alembi mwanena kuti munthu ayambe wapeza kaye ndalama, khalidwe lidzabwera pambuyo, ine apa ndiye ndakana ndithu. Ndinali ndi mnzanga tinkapanga bizinesi limodzi, ndalama zitangoyamba kulowa basi anayamba kunamiza makasitomala, katundu wa feki kumati ndi orijino, kenako ngongole yanga kuikana maso ali gwa. Galimoto anagula inde koma lero palibe amamukongoza olo kakang'ono, akaimba foni anthu sayankha. Umphawi umawawa sindikukana, ana akamalira njala mutu sugwira, ndadutsamo ine, koma zimene umachita uli ndi zochepa ndi zomwezo uzidzachita zikachuluka. Mpaka pano zimandipweteka chifukwa munthu uja ndinkamutenga ngati m'bale wanga weniweni.