Madokotala a mu 1348 ine sindiwaseka

Anthu amakonda kuseka madokotala a ku Ulaya a nthawi ya mliri wa makoswe, uja amati Black Death. Ine ayi.

Tangoganizani. Zombo zikukocheza ku Messina, doko la pachilumba cha Sicily ku Italy, mu 1347, anthu a m'zombomo atatupa mwanabere ngati dzira, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Sabata isanathe, maliro. Chaka chotsatira mfumu ya ku France, Philip VI, inafunsa akadaulo a zachipatala ku Paris kuti chavuta n'chiyani. Iwo anati mapulaneti atatu, Saturn, Jupiter ndi Mars, anakumana kumwambako pa 20 Malichi 1345, ndiye aipitsa mpweya. Basi anthu n'kumafukiza zitsamba m'nyumba, odwala n'kumawacheka mtsempha kuti magazi oipa atuluke. Papa Clement VI ankakhala pakati pa moto uwiri ku Avignon, poti awo ndiwo anali malangizo.

Zoseketsa, eti? Koma akanadziwa bwanji? Maikulosikopu kunalibe. Kachilombo koyambitsa mliriwu anadzakaona dokotala wina, Alexandre Yersin, ku Hong Kong mu 1894, patatha zaka zoposa 500, ndipo zoti amafalitsa ndi utitiri wa makoswe zinadziwika pambuyo pakenso. Anthu aja ankafufuza mumdima, ndipo ena anakhudza chenicheni: ku Ragusa, mzinda umene lero ndi Dubrovnik ku Croatia, mu 1377 analamula kuti wochokera kumene kuli mliri ayambe wabindikira masiku 30 asanalowe mumzinda.

Chimene chimandiwawa ine ndi cha ku Strasbourg, mzinda umene lero uli ku France. Mphekesera inawanda yoti Ayuda akuthira poizoni m'zitsime. Papa yemwe uja anali atalemba kale kuti limenelo ndi bodza, Ayudawo akufanso ngati wina aliyense. Ndani anamva? Pa 14 Febuluwale 1349 anawotcha Ayuda mazanamazana, mliriwo usanafike n'komwe mumzindamo. Atatha, anafafaniza ngongole zonse zimene anthu anali nazo kwa ophedwawo, n'kugawana chuma chawo. Pamenepo musandiuze za umbuli. Anthu aja masamu ankawadziwa bwinobwino.

Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbuka za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, pamene anthu anaphedwa chifukwa cha "ndamva kuti". Ifetu tinali ndi mafoni m'manja, wailesi m'nyumba, chipatala paboma.