Sananditenge mu timu, ndipo sanalakwitse

Uthenga unabwera Lachiwiri usiku, dzina langa mulibe. Masabata awiri ndakhala ndikulimbirana malo mu timu ya ultimate frisbee yopita ku mipikisano, koma basi, andisiya. Anzanga ayamba kale kundipepesa, ati "amakondera amenewo, amangotengana okhaokha." Ayi abale, ine ndikukana. Pomwe ndinapalamula ndikupadziwa.

Kwa inu amene simuwadziwa masewerawa: timaponyerana disiki, kambale kapulasitiki kouluka. Mbali iliyonse kumakhala anthu 7, bwalo lake ndi lotalika mamita 100, ndipo kugoletsa ndi kuwakha disiki m'chigawo chakumapeto chimene enawo akuteteza. Ukaigwira suthamanga nayo. Umaima pomwepo, wokulondera akuwerenga mpaka 10, ndipo akafika usanaponye, yapita kwa enawo.

Ndiye ine ndinapita ndi mtima wofuna kuonekera. Forehand yanga, njira yoponyera disiki cham'mbali, ndimaidalira, ndinaiphunzira mpaka chala chapakati chinatuluka thuza. Tsiku loyamba nditangoigwira, mnzanga anali apa pompa, ali yekhayekha, akukuwa dzina langa. Ndinamunyalanyaza n'kuponya yakutali, imene timati huck. Mphepo inaipendeketsa, n'kukagwera kunja. Kaputeni sananene kanthu, anangolemba pa kapepala kake. Ndinabwerezanso kawiri. Kapepala komweko.

Mtsikana wina amene amutenga sanaponyeko yakutali ngakhale kamodzi. Ndinamuonetsetsa tsiku lachiwiri. Akathamangira disiki koma osapatsidwa, ankachoka msanga kuti wina apeze mpata. Timu yake ikataya, iye ndiye anali woyamba kutembenuka kukalondera munthu wake, pomwe ine ndinali nditagwira m'chiuno ndikudandaula. M'bwalo mumakhala anthu 14 koma disiki imakhala ndi mmodzi, ndiye maso a osankha amakhala kwambiri pa 13 enawo. Zimenezi ndazizindikira mochedwa.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi china. Kupatula ligi zochepa za osewera olipidwa, masewerawa alibe woyimbira. Anawayambitsa ndi ana asukulu a ku Columbia High School ku New Jersey mu 1968, ndipo mpaka lero, ngakhale pa mipikisano yapadziko lonse ya WFDF, bungwe loyang'anira masewerawa, osewera ndiwo amadziweruza okha. Amati Spirit of the Game, kutanthauza mzimu wosewera mwachilungamo. Pamasewero omaliza ndinadziponya pansi kutsatira disiki yotsika, ndipo ndinamva ndithu kuti m'mphepete mwake mwakhudza udzu ndisanaifumbate. Wondilondera anati yagwa. Ine ndinati ayi, ndawakha. Tinatsutsana pang'ono, disiki n'kubwerera kwa amene anaponya, monga limanenera lamulo anthu akalephera kumvana. Podzuka, ndikusasa udzu pachigongono, ndinakumana maso ndi kaputeni. Anali ataima pamzere chapafupi. Ulendo uno sanalembe n'komwe.

Tsono ndikufunseni: inuyo mungamutenge munthu wotereyu kukasewera naye fainolo, komwe kulibe woliza wezulo, komwe mawu ake ndiwo chigamulo? Kuponya kumaphunzitsika, miyezi ingapo munthu amasintha. Koma wonama pa kanthu kakang'ono tsiku loyesedwa, ine ndikanakhala kaputeni ndikanamusiyanso.

Chaka chamawa ndidzapitanso. Mnyamata ndinatsutsana naye uja ndamulembera dzulo kuti inagwadi. Wangoyankha kuti "ndimadziwa, tionana Loweruka, ubwere ndi disiki."