Bedi ya kampani ku North Dakota

Sabata ino mnyamata wina wa kwathu amuchotsa ntchito yoyendetsa thanki ya madzi kufupi ndi Watford City chifukwa anachedwa maola atatu, ndipo pofika madzulo anali atauzidwa kuti atulutse zikwama zake m'kampu ya kampani yogonamo antchito. Kunja kunali madigiri 30 pansi pa ziro. Mlandu wake ndi wakuti galimoto inakana kulira.

Inu amene muli kuno mukudziwa mmene zimakhalira. Dizilo ya No. 2 ikazizidwa kwambiri, phula lake limagwirana n'kutseka fyuluta, injini n'kungotsokomola kawiri basi. Mankhwala oletsa kuundana amathiridwa dizilo isanagwirane, osati mmawa itauma kale, kapena mumasakaniza ndi dizilo ya No. 1, imene siigwirana msanga. Chingwe cha block heater, chipangizo chotenthetsera injini, chiyenera kukhala pamagetsi maola atatu kapena anayi musanalize, ndipo batire lokalamba silidzuka kuzizira kotere. Koma palibe amene amakhazika mlendo pansi kumuuza zimenezi. Amangomupatsa makiyi ndi bedi, ndipo bedi imeneyo ndi ya kampani.

Ndalama ziliko kuno, asakunamizeni. Mafuta anapezeka pafupi ndi Tioga mu 1951, koma chipwirikiti chenicheni chinabwera ndi Bakken, miyala ya pansi pa nthaka yokhala ndi mafuta ambiri. Watford City inali ndi anthu 1,744 mu 2010, pofika 2020 anali 6,207. Anatsegula Rough Rider Center, nyumba yamasewera ndi misonkhano, mu 2016. Ku Williston anatsegula ARC mu 2014, chinyumba chamasewera cha madola oposa 70 miliyoni, chokhala ndi maiwe osambiramo ndi mabwalo amkati, cholipiridwa ndi msonkho wa pa zogula. Msonkho umenewo amalipira aliyense wogula nsapato zantchito m'tauniyo, ngakhale wogona m'kontena amene amagwira maola 12 tsiku lililonse ndipo sanapondemo. Ku Grand Forks, bwalo la hockey la Ralph Engelstad lili ndi mipando yachikopa. Ku Bismarck nyumba ya boma inatalika nsanjika 19 pakati pa dambo. Zonsezi n'zotentha bwino mkati usiku wonse, pomwe munthu wochotsedwa ntchito akugona m'galimoto.

Usiku pa Highway 85 malawi a gasi amayaka pazitsime, moto wongotayidwa kumwamba. Mtengo wa mafuta ukagwa, monga zinachitikira mu 2015 ndi 2020, oyamba kupita ndi oyendetsa madzi ndi mchenga, okolopa ndi ophika. Lendi nayo inafika madola oposa 2,000 pamwezi pa kanyumba ka chipinda chimodzi ku Williston mu 2014, ndiye munthu akavomera kampu si ulesi ayi. Koma ntchito ikatha lero, denga latha lero lomwelo. Bedi ndi ya kampani, bulangeti ndi la kampani, ngakhale soketi yolumikizapo galimoto ndi ya kampani.

Nafenso tili ndi mlandu, abale anga. Timatumiza zithunzi titaima pafupi ndi mathiraki akuluakulu, kwathu n'kumaganiza kuti tikukolola madola ngati chimanga, mwana wina n'kugulitsa munda kuti abwere.

Mnyamata uja ali ndi mayi ake ku Dedza amene akudikira ndalama ya feteleza, ndi mwana wa Folomu 2 wofunika fizi mu Januwale. Sanawauze chilichonse. Akuti akapeza ntchito ina ndi pomwe adzayimbe, chifukwa mayi ake akamva mawu ake adzadziwa.